Rockwell si fonti ya agogo, tikungoigwiritsa ntchito molakwika

Pali kamkangano kena kamene sikatha pakati pa anthu opanga ma poster, ma logo ndi zikwangwani, ndipo masiku ano kafika ngakhale kwa achinyamata athu amene aphunzira za dizayini pa YouTube. Akuti alipo mafonti ena, kutanthauza mitundu ya kaonekedwe ka zilembo, amene munthu wodzilemekeza sayenera kuwakhudzanso, nde pa mndandanda wawowo pamakhala Comic Sans, Papyrus, kenako amaponyapo ndi Rockwell, ati ndi fonti ya agogo, yolemera, yobwera ndi Word, yoti ukangoiona pa poster umadziwiratu kuti ntchitoyi yachokera pa kashopu ka photocopy. Ziwiri zoyambazo zidziyankhire zokha, ine ndilibe nazo gawo. Koma pa Rockwell pokha ayi, ndikukana. Maganizo anga ndi akuti iyi ndi imodzi mwa mafonti opangidwa mwanzeru kwambiri amene ali mu kompyuta yanu pompano, ntchito imene imaitha kwambiri ndi imodzi, yokuwa pa mutu wa nkhani kapena pa chikwangwani kuti munthu awerenge ali patali, ndipo ntchito imeneyo ikuigwirabe bwinobwino patapita zaka zoposa 90. Zonyansa zimene anthu amaloza zija, zambiri timazipanga ndife ogwiritsa ntchito.

Tiyambe taiona kaye, poti ambiri oinyozawa sanaiyang'anitsitsepo. Tsegulani Word, lembani kuti CHONDE SAMALANI, musankhe Rockwell, mukweze saizi mpaka 150 kapena 200. Choyamba muona kuti mizere yonse ya chilembo ndi yonenepa pafupifupi mofanana, palibe pamene pawonda kwambiri ngati mmene zilili ndi Times New Roman. Chachiwiri yang'anani kumapeto kwa mizere ya H, N, M ndi I, kuli timapazi tija eni ntchitoyi amati ma serif. Mu Times timapazito ndi toonda ndipo timalumikizana ndi mwendo wa chilembo mokhotera pang'onopang'ono, pamene mu Rockwell ndi tonenepa, ta makona anayi, tongokhomedwa pa mwendowo popanda kukhota kulikonse, nchifukwa chake banja lonse la mafonti otere amalitcha slab serif. Kenako O, ameneyu ali pafupi kukhala wozungulira ndendende ngati wajambulidwa ndi kampasi ya kusukulu, ndipo ndi pamenepo pamachokera mawu oti geometric, amene amatchulira mafonti omangidwa ndi zozungulira ndi mizere yowongoka. Ndiye pali A wamkulu, amene pamwamba pake m'malo mosongoka pali kamzere kopingasa, ndipo mukangozolowera kameneka mudzayamba kuizindikira Rockwell pa msewu basi muli mu minibasi.

Kuti timvetse chifukwa chake inamangidwa chonchi tiyenera kubwerera ku London cha m'ma 1815. Nthawi imeneyo mafakitale anali akuchuluka, anthu akudzadza m'tauni, ndipo makoma anali mbwee zolengeza za lotale, za zisudzo, za katundu wogulitsa. Zilembo zambiri zimene osindikiza anali nazo zinali za mabuku, zopangidwira munthu amene wakhala pansi buku lili m'manja, nde pa khoma zinkangomira. Munthu wina woumba zilembo za chitsulo dzina lake Vincent Figgins anatulutsa zilembo zakuda bii zokhala ndi timapazi tonenepa, iye anazitcha Antique, ena anayamba kuzitcha Egyptian ngakhale zinalibe ubale uliwonse ndi Egypt, kungoti chichokereni nkhondo ya Napoleon kumeneko mu 1798 ku Ulaya chilichonse chotchulidwa za Egypt chinkayenda malonda. Patapita zaka zoposa 100, ku Germany kunabuka maganizo oti zinthu za makono zizimangidwa ndi mizere yowongoka ndi zozungulira, popanda zokongoletsa. Paul Renner anatulutsa Futura mu 1927, yopanda timapazi, ndipo inagulidwa kwambiri. Posakhalitsa wina anaganiza zotenga mafupa ozungulira omwewo nkuwaveka timapazi ta Figgins tija. Rudolf Wolf wa kampani ya Stempel ku Frankfurt anatulutsa Memphis mu 1929, Georg Trump anabwera ndi City mu 1930, Heinrich Jost wa kampani ya Bauer ndi Beton, ku America Morris Fuller Benton ndi Stymie mu 1931, kampani ya Ludlow ndi Karnak. Monotype ya ku England inatulutsa yake mu 1934, ndiyo Rockwell yathuyi, yojambulidwa mu ofesi ya kampaniyo ku Salfords m'chigawo cha Surrey moyang'aniridwa ndi Frank Hinman Pierpont, injiniya wochokera ku America amene ankayendetsa fakitaleyo.

Tsono apa ndi pamene otsutsa amayambira, ndipo mfundo yawo yoyamba si yopusa ayi. Amati taonani zakazo, Rockwell inabwera mochedwa, ena onse atapanga kale, nde ndi yongokopera basi, ngati mukufuna chenicheni tengani Memphis. Zoti inabwera pambuyo nzoona, ndipo zoti Monotype inkathamangira msika umene anzawo anatsegula nzoonanso. Koma kunena kuti kukopera nkuyiwala mmene ntchito yosindikiza inkayendera nthawi imeneyo. Fonti sinali fayilo yoti mutumizirane pa WhatsApp, chinali chitsulo. Makina a Monotype anali pawiri, wina amalemba pa kiyibodi imene inkaboola timabowo pa pepala lalitali, pepalalo nkulowa m'makina ena amene ankathira mtovu wosungunuka mu tizikombole, kuumba chilembo chimodzichimodzi. Tizikombole ta kampani ina sitinkalowa m'makina amenewo. Wosindikiza amene anagula makina a Monotype akanatha kuitanitsa zilembo za ku Germany zosanja ndi manja, koma kuti makina ake odula aja agwire ntchito pankafunika kuti Monotype yomweyo ijambule zake, ndipo chilembo chilichonse chimayenera kukwana mu muyezo wa makinawo, umene unkagawa m'lifupi m'magawo 18. Imeneyo ndi ntchito yojambula kuyambira pa chiyambi. Komanso funso loti ndani anayamba silophweka mmene akuganizira, chifukwa ku St. Louis kampani ya Inland Type Foundry inali itatulutsa kale Litho Antique mu 1910, zilembo za mizere yofanana ndi timapazi tonenepa, zomwe Benton anadzazikonza nkukhala Stymie. Aliyense pa gululi anabwereka kwa mnzake. Funso lothandiza ndi loti mwa onsewa ndani anaimanga bwino moti ikugwirabe ntchito, ndipo pamenepo Rockwell ilibe chochita nacho manyazi.

Mfundo yachiwiri ndiye imene imandikwiyitsa pang'ono. Amati Rockwell ilibe mzimu, ndi ya rula ndi kampasi, ndi zilembo za injiniya, ndipo umboni wake ndi woti palibe ngakhale dzina la katswiri mmodzi amene tinganene kuti anaijambula ndi uyu. Pa zomalizazi akunena zoona, Pierpont anali woyang'anira, amene ankagwira pensulo anali ogwira ntchito mu ofesi yojambula, ankajambula chilembo chilichonse chachikulu pafupifupi mainchesi 10 kenako makina nkuchichepetsa pochisema pa chitsulo. Ambiri mwa ojambulawo anali azimayi, ndipo mayina awo sankalembedwa pa timabuku totsatsira mafonti. Ine ndimaona kuti kusowa kwa dzinako ndi mlandu wa kampani, si umboni woti panalibe luso. Ndipo luso lake mutha kuliona nokha pa sikirini ija. Kwezaninso saizi, muyang'ane O poyerekeza ndi H, muona kuti O wapyola pang'ono pamwamba ndi pansi pa mzere umene H waima, chifukwa chozungulira chikakhala chofanana ndendende ndi cha makona diso limachiona ngati chaching'ono. Yang'anani mizere yopingasa, ndi yoonda pang'ono kuposa yoimirira, poti ikanafanana diso likanati yopingasayo yanenepa. Lembani n wamng'ono muone pamene phewa lake likulumikizana ndi mwendo, pamenepo anapachepetsa dala kuti inki isadzadzane nkupanga chibuluma chakuda. Kampasi payokha singadziwe zimenezo, zinafunika munthu amene wakhala zaka akuyang'ana zilembo. Chinanso ndi a wamng'ono. Futura inatsata lamulo la zozungulira mpaka kumapeto, a wake ndi bwalo ndi kamtengo basi, moti patali amafanana ndi o. Rockwell inaphwanya lamulolo nkusunga a wa m'mabuku uja wokhala ndi kamutu pamwamba ndi kamimba pansi. Kwa ife olemba Chichewa, chilankhulo chimene a ali paliponse, kusiyana kwa a ndi o kuoneka msanga si nkhani yaing'ono.

Chachitatu, ndipo apa ndiwapatsa zawo, amati Rockwell imatopetsa maso ukamawerenga ndime yaitali. Eya imatopetsa. Chifukwa chake nchomveka, mizere yofanana kunenepa ija ndi timapazi tolemera zimapangitsa tsamba lonse kuoneka lakuda, ndipo zilembo zozungulira ngati o, e, b, d, p ndi zotakata nde zimadya malo. Pa Chichewa vutoli limakula, mawu athu ndi aatali, tangoganizani mawu ngati sindinakumvetsetseni kapena tidzakudziwitsaninso ali mu kadanga kopapatiza ka pulogalamu ya maliro, mzere umodzi umalowa mawu awiri kapena atatu basi, ndipo mukati mbali zonse ziwongoke pakati pamatsala mipata ikuluikulu. Onjezani m, n ndi w amene atichulukira, m ali ndi miyendo itatu ndipo uliwonse uli ndi phazi lake, nde mawu ngati mwamuna kapena mnyamata pa saizi 9 mu Bold timapazi tija timayamba kukhudzana, pulinta ikakhala yotopa zimangosanduka mzere umodzi wakuda pansi. Zonsezi ndikuvomera. Koma taonani chimene zikutsimikiza, zikungosonyeza kuti Rockwell si yolembera lipoti la masamba 40, ndipo palibe anailonjeza ntchito imeneyo. Kuida pa chifukwa chimenechi kuli ngati kuda magambuti poti wina anavala pa ukwati. Tsono tembenuzani nkhaniyi. Zomwe zikuilepheretsa pa ndime yaitalizo ndi zomwe zimaipambanitsa pa khoma. Chilengezo cha msonkhano wa makolo kusukulu chikadutsa pa photocopy ya tona wotsala pang'ono kutha, kenako nkukhala pa geti dzuwa likuwomba, mizere yoonda ya mafonti okongola aja ndi imene imayamba kufufutika, H amasanduka timitengo tiwiri, e amasanduka c. Rockwell ilibe mzere woonda woti ufufutike. Chimodzimodzi pa ma t-shirt a kwaya kapena a timu ya mpira, pamene penti amadutsa pa kansalu ka sefa, timizere tating'ono timatsekeka kapena kuduka, pamene zilembo zonenepa mofanana zimatuluka zonse. Ndipo mawu akatalika pa mutu wa nkhani, banja lomweli lili ndi Rockwell Condensed, yopapatiza kale, imene anaijambulira vuto lomwelo.

Pamenepa ndi pamene pali tchimo lenileni, ndipo si la Monotype. Munthu walemba CHITSITSIMUTSO CHACHIKULU, mawu sakukwana pa pepala, m'malo mosintha saizi kapena kutenga Condensed ija amagwira kabokosi pambali nkufinya mawuwo, kapena akaona kuti malo atsala amawakoka. Fonti ina iliyonse imavulala ndi zimenezi koma Rockwell imaferatu, chifukwa kukongola kwake konse kwagona pa zinthu ziwiri, kufanana kwa mizere ndi kuzungulira kwa O. Mukaifinya, mizere yoimirira imawonda pamene yopingasa ili chinenepere, O amasanduka dzira, timapazi timafupika nkukhala tizibuluma. Mukaikoka zimatembenuka, miyendo imatupa. Pamwamba pa izo wina amaikaponso mthunzi, mzere wofiira kuzungulira chilembo chilichonse, mitundu itatu, kenako pansi pake mafonti ena anayi. Mnzathu wa dizayini uja akadutsa amati mwaona Rockwell kunyansa kwake. Chimene akuonacho ojambula a ku Salfords aja sakanachizindikira nkomwe kuti ndi ntchito yawo.

Mfundo yachinayi ndi imene ndikuganiza kuti ili pansi pa zonsezi, kungoti anthu sainena poyera. Rockwell imabwera ndi Microsoft Office, nde aliyense ali nayo, mlembi wa ku tchalitchi ali nayo, mwana wa Fomu 2 ali nayo, ndipo munthu amene akufuna kulipiritsa ndalama zambiri pa logo safuna kasitomala anene kuti aa iyi ndili nayo pa laputopu yanga. Ndikumvetsa, aliyense amafuna ntchito yake ioneke yosiyana, ndipo pa logo ya kampani imene ikufuna nkhope yakeyake pali nzeru kusankha chinthu chosawanda. Komabe kuwanda kwa chinthu sikuchiipitsa. Ndipo mabungwe akuluakulu amene anali ndi ndalama zogulira fonti iliyonse anasankhapo banja lomweli, sitima za Docklands Light Railway ku London zinayamba ndi zikwangwani za Rockwell, mabuku ena a Guinness World Records anasindikizidwa ndi iyo, ndipo logo ya kampani ya makompyuta ya IBM imene Paul Rand anakonza mu 1956 inachokera pa City ya Georg Trump, m'bale wake wa Rockwell, mizeremizere ija inangobwera pambuyo pake. Palinso mbali ina imene amene amangogwira ntchito pa kompyuta yawoyawo samaiganizira. Mukapanga chikalata ndi fonti yachilendo imene mwaitsitsa pa intaneti, nkupita nacho pa flash ku shopu yosindikiza osachisandutsa PDF, kompyuta ya kumeneko ikapanda kuipeza fontiyo imangoikapo ina, mizere yonse nkusokonekera, dzina la mkwati nkugwera tsamba lachiwiri. Fonti imene ili pafupifupi pa kompyuta iliyonse ya Office imakupulumutsani ku zimenezo, ndipo kwa munthu amene akuthamanga ndi makadi a chinkhoswe cha Loweruka phindu limenelo ndi lalikulu kuposa kuoneka wapadera.

Yomaliza ndi yoti panopa kuli ma slab serif atsopano abwino kuposa Rockwell, nde tikakamiriranji zakale. Alipodi. ITC Lubalin Graph ya Herb Lubalin ndi anzake inatuluka mu 1974, ili ndi zozungulira zikuluzikulu kuposa Rockwell. Archer, imene kampani ya Hoefler & Frere-Jones inapangira magazini ya Martha Stewart Living, inafewetsa nkhope ya banjali poika timipira kumapeto kwa zilembo monga a, c ndi r, ndipo imaoneka yaubwenzi ndithu. Pa Google Fonts pali Roboto Slab, Arvo ndi Rokkitt zaulere, ndipo pa sikirini ya foni, pa saizi yaing'ono, Roboto Slab ndingaisankhe ine ndemwe Rockwell ili pomwepo, poti inajambulidwira sikirini pamene Rockwell inajambulidwira mtovu ndi pepala. Koma onani kuti mfundoyi yasintha mkangano. Tinayamba ndi zoti zilembo za timapazi tonenepa ndi za agogo, tsopano tikuuzidwa kuti akatswiri a lero akupikisana kujambula zomwezo. Ngati maganizo a 1929 ndi 1934 anali akufa, bwenzi anthu asakuwonongera nthawi kuwabwereza. Komanso kufewa kwa Archer si kumene mukufuna pa chikwangwani choti OSAKODZA PANO kapena CHENJEZO MAGETSI, pamenepo pamafunika fonti yosamwetulira. Ngakhale a Monotype eni ake sanaitaye, anaikonzanso nkutulutsa Rockwell Nova, imene imapezeka mwa mafonti owonjezera a Windows 10.

Chinthu chimodzi chokha chimene ndingachenjeze amene ndawakopa, ndipo ichi chikukhudza fonti iliyonse, yakale kaya yatsopano, ndi ŵ wathu wa kadenga uja. Si mafonti onse amene ali naye, ndipo fonti ikasowa chilembo kompyuta simakuuzani, imangobwereka ku fonti ina mwakachetechete, nde pa chikwangwani chachikulu mumapeza MALAŴI zilembo zisanu zili zonenepa ndi timapazi tawo, Ŵ yekhayo ali woonda ngati mlendo. Musanatumize ntchito ku pulinta lembani Ŵ ndi ŵ, mukweze saizi, muone ngati miyendo yake ikufanana ndi ya W wamba wa fonti yomweyo, muonenso kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi pang'ono ngati sikakukanikizana ndi g. Zikakhala kuti sizikugwirizana yesani Rockwell Nova kapena imodzi mwa zaulere zija, muyese chimodzimodzi, ndipo ikakwana muisunge ngati PDF musanapite nayo ku shopu.